Mpaka Kudoko

Basi inali itaima kuyambira m'mawa, pafupi ndi tauni ya Temerloh. Kutsogolo kunalibenso msewu, mtsinje wa Pahang unali utaumeza. Dalaivala anazimitsa injini, n'kuvula nsapato, n'kusanjika miyendo pachiwongolero. Aliyense wodziwa mvula ya mu Disembala anadziwiratu kuti lero kwatha.

Mayi Halijah okha ndiwo sanatekeseke. Anangokhala phee, atafumbatira chitini cha serunding, nyama youma ya tsabola ija, chomwe anakonzera mwana wawo.

Pambali pawo panakhala Rokiah, mayi wogulitsa nsalu, amene pakamwa pake sipanatsekeke chichokereni ku Kuantan. Anali atawafunsa kale zonse. Mayi Halijah ankapita kudoko la Klang kukakwera sitima yapamadzi ya alendo, momwe mwana wawo Hairul ankagwira ntchito yoperekera zakudya. Unali ulendo womaliza wa sitimayo m'nyanja zakuno. Ikakatsitsa anthu ku Singapore, inkayenera kulowera ku Ulaya, osabweranso.

"Inyamuka nthawi yanji sitima yanuyo?" anafunsa Rokiah.

"Madzulo ano. Koma indidikira."

"Ikudikirani? Ndi ya amuna anu kapena?"

"Sekani, achemwali. Ine ndinagula inshuwalansi. Osati yotchipa ija yoyamba kugwira ntchito ukakwera sitima, ayi. Yanga ndi yochokera pakhomo mpaka kudoko. Mtsikana wa mu ofesi ananena yekha kuti, 'Mayi, chilichonse chikachitika panjira, tili nanu.'"

Kuti aigule, pamodzi ndi tikitiyo, anagulitsa chibangili chagolide cha paukwati wawo. Rokiah atamva zimenezo kuseka kunamuthera. Anayang'ana madzi panja, nayang'ana dzuwa lomwe linali litapendeka kuseri kwa mitambo.

"Tawaimbirani anthu anuwo, timve."

Mayi Halijah anaimba foni. Anayankha mnyamata wa mawu osalala, mwa aja anaphunzitsidwa kupepesa mtima uli kwina.

"Pepani kwambiri, mayi. Musadandaule, inshuwalansi yanu ndi yabwino zedi. A basi akakulemberani umboni woti munachedwa ndi madzi, tikubwezerani zonse."

"Mundibwezera chiyani?"

"Ndalama zanu, mayi."

"Ine sindinapemphe ndalama, mwanawe. Uzani sitimayo idikire. Kapena tumizani bwato lidzanditenge pano."

"Zimenezo sitichita, mayi."

"Nanga 'mpaka kudoko' munkatanthauza chiyani?"

Mnyamatayo anayamba kulongosola, bwinobwinotu, ndipo sananame pena paliponse. Chopweteka chinali chomwecho. Panalibe wakuba woti umutukwane, panalibe woti umugwire pakhosi. Mayi Halijah anadula foni iye akulankhulabe.

Mvula inayambiranso. Kumbuyo mwana wina ankalira njala, amuna ankakangana za njira yodzera ku Muadzam ngati kuti kumeneko sikugwa mvula. Nthawi ya pemphero la masana inadutsa, ya madzulo n'kukwana, basi ili pomwepo. Mayi Halijah sanalire mokweza. Misozi inkangotsika yokha n'kumanyowetsa mpango wawo pachibwano. Zinali zomvetsa chisoni, moti ngakhale dalaivala anatsitsa miyendo.

Rokiah analephera kupirira.

"Aaa, inunso, zikhala ngati kwagwa maliro! Sitima ipite, mwana ndi wanu. Muimbireni. Muuzeni kuti amayi ako atsekerezedwa ndi madzi, apemphe tchuthi, atsike. Akakana ndilankhula naye ine, ana aamunawa ndimawadziwa. Bweretsani foniyo."

Anawalanda, n'kuyamba kufufuza mayina. Anatsika mpaka pansi, n'kukweranso.

"Mwamulemba dzina lanji?"

"Mulibemo."

"Mulibemo bwanji? Mayi wamtundu wanji wopanda nambala ya mwana wake?"

Mayi Halijah anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Amayi amene iye amawadziwa ali ku Ipoh, achemwali, ndinamupereka kwa iwo ali wakhanda. Ine sandidziwa n'komwe. Ndimangofuna ndikakhale patebulo ngati mlendo wina aliyense, iye abwere, awerame, andifunse kuti, 'Mumwa chiyani, mayi?'"