Kompyuta Idachira, Chithunzi cha Bambo Ayi

Panali munthu wina wojambula zithunzi pa maukwati. Nkhaniyi ndi yoona, wofuna kutsutsa atsutse, ine sindibweza mawu. Ntchito ankaidziwa, zimenezo sitingamulande, koma makani ake anali osaneneka.

Loweruka lina adajambula ukwati wa mtsikana amene bambo ake adachita kupempha chilolezo kuchipatala komwe adagonekedwa kuti akamulowetse mwana wawo m'tchalitchi. Patangotha masiku atatu bambowo adamwalira. Mkwatibwi adaimba foni akulira: "Chonde, chithunzi chimene bambo andigwira mkono mundisamalire. Tilibe china."

Sabata yomweyo kompyuta ya wojambulayo idayamba matenda. Ali mkati mwa ntchito sikilini inkangosanduka yabuluu, kulemba timawu tosamveka, kenaka n'kuzima. Pa tsiku kanayi, kasanu.

Mlamu wake, mkazi wa mng'ono wake, ankakonza makompyuta mumsewu womwewo. Lachinayi masana adabwera n'kuiyeza ndi pulogalamu ya pa fulashi yake. Mizere yofiira idangoti mbwee.

"Alamu, vuto ndi ramu," adatero mayiyo. "Ndi kachipangizo kamene kompyuta imayalapo zinthu ikamagwira ntchito. Kaonongeka. Chodutsa pamenepo chikhoza kutuluka chopunduka, ngakhale kompyuta ikuuzeni kuti zatheka. Katsopano kafika Lolemba. Mpaka tsikulo musakopere kanthu, ndipo kadi ya m'kamera musaifufute."

"Nanga ukwati wa mkuja ndikajambulira pa chiyani? Pachikhatho?"

"Ndikubwerekani kadi yanga."

Mkuluyo adaseka mpaka kugwira m'mimba. "Alamu, ine kompyuta ndidayamba kuigwira inu mukadali ku pulayimale. Lero mundiphunzitse? Pitani mukaphikire mng'ono wanga, wafa ndi njala."

"Kuphika ndimatha, kukonzanso ndimatha," adayankha mayiyo akutseka chikwama. "Ndanena ndanena. Tsiku lina musadzati sindidakuuzeni."

Mawa lake kudatulukira mlendo wina woyenda ndi chikwama cha mawaya ndi machaja. Ataona sikilini yabuluu ija adapukusa mutu ngati dokotala.

"Akulu, iyi ndi vairasi basi. Amene wakuuzani za ramu akufuna kukudyerani. Mphindi khumi zokha."

Adadinadina, n'kuchititsa kuti kompyuta ikagwa izingodzuka yokha mwakachetechete, osaonetsa buluu uja. Matenda adali pomwepo, adangowafunditsa bulangete. Koma wojambula uja adakondwa zedi, poti mlendoyo adanena zimene khutu lake linkafuna. Ngakhale dzina sadamufunse.

Tsiku lomwelo adakopera zithunzi zonse za ukwati uja, kompyuta n'kulemba kuti zatheka. Sadatsegule ndi chimodzi chomwe kuti aone. Adafufuta kadi, ndipo Loweruka adaidzaza ndi ukwati wina.

Lolemba m'mawa mkwatibwi adafika ndi amayi ake, onse atavala zakuda. Mkuluyo adawapatsa mipando, n'kudina chithunzi choyamba. Chidakana kutseguka. Chachiwiri chidatuluka ndi mizere yobiriwira pankhope.

"Zinazo zisiyeni," adatero mkwatibwi. "Tionetseni cha bambo."

Chidatseguka. Kumtunda kunkaoneka khomo la tchalitchi, nsonga ya velo, ndi mphumi ya bambo aja ndi imvi zawo. Kuyambira m'maso kutsika m'munsi kudali kotuwa ngati phulusa, popanda kanthu.

Apa ndiye pamandikwiyitsa ine. M'malo movomera kulakwa, munthu wamkulu ndi ndevu zake adati: "Pepani mayi, ndi alamu anga. Adaigwiragwira sabata yatha, basi yasokonekera."

Sadadziwe kuti mlamuyo adaima pakhomo, ramu yatsopano ili m'manja.

"Bwerezani, alamu. Ndili pano."

Mlamuyo adalowa n'kuima pamaso pake.

"Mwatha mawu? Ndiye ndinene ine. Ndidakuuzani musakopere, mudakopera. Ndidakuuzani musafufute kadi, mudafufuta. Mudandituma kukaphika, n'kumvera munthu wa mumsewu. Ulemu ndimakupatsani, ndinu akulu a mwamuna wanga, koma bodza lanu sindisenza. Lisenzeni nokha!"

Adatsegula kompyuta, kuzula kachipangizo kodwala kaja, kuikamo katsopano. Mphindi zisanu sizidakwane. Adaiyeza, mzere wofiira panalibe ndi umodzi womwe. Kenaka adatenga kadi ija n'kuyesa kufukula zofufutidwa mpaka dzuwa kufika pamutu, koma ukwati wachiwiri udali utakhala pamwamba pa woyamba.

"Mayi, ndayesetsa," adauza mkwatibwi. "Kompyuta yachira. Koma zimene idatafuna ikudwala sindingailavulitse."

Wojambula adayamba kuyankhula mwachibwibwi. "Mukavalenso diresi, ndikujambulaninso bwinobwino..."

"Diresi lilipo," adatero mkwatibwi. "Nanga bambo anga muwatenga kuti?"

Mtsikanayo adayang'ananso chithunzi chija.

"Sindikizani chomwecho," adatero mtsikanayo, akuloza sikilini.

"Koma chaonongeka, mayi."

"Ndati sindikizani. Mphumi imeneyo ndi ya bambo anga."

Mkuluyo adachisindikiza. Mtsikanayo adachilandira ndi manja awiri, n'kuchipatsa amayi ake, ndipo adatuluka osatsanzika.

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi, kaya ndi mkazi, kaya ndi wamng'ono kwa iwe. Kompyuta ikamagwaigwa usabise chizindikiro, kayezetse, ndipo usafufute choyamba usanatsegule chimene wakopera. Makani ako amapweteka anthu osalakwa. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene amati amadziwa zonse. Akakwiya akwiye, bola wamva.