Mitengo ya Telefoni Yopanda Waya

Ilda sankadutsa mtengo wa telefoni osagunditsapo khutu. Nkhondo isanayambe, mawaya ankalira ngati njuchi, ndipo kulirako ankakulakalakabe. Atabwerako ku Zambia, kumene anathawira nkhondoyo, anapeza mawayawo anthu atawadula n'kutchera misampha.

Usiku wina, pochokera kogula parafini ku Mualadzi, anagunditsanso khutu. Mtengowo unalira, kenako unathetheka ngati telefoni yakale ya kuboma.

"Alo, amayi? Ndine Vânia." Anali mwana wake amene anamusiya pothawa. "Makina osokera munabereka m'malo mwanga aja anafika bwino?"

Ilda anathamanga. Mtengo wotsatira unalira, winanso unalira, mpaka wa pakhomo pake.

Osayatsa n'komwe nyale, anamanga katundu wobwerera ku Zambia. Oyamba kulowa m'thumba anali makina aja.