Uthenga wa kwa Olephera

Anali wachisanu ndi chiwiri kuitanidwa pa mayeso olowera ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Mayiyo analowa mu ofesi atazimitsa foni, monga anamulangizira achemwali ake. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala akutaipira anthu makalata pashopu ya alamu ake. Zolemba mapulogalamu a kompyuta anadziphunzitsa yekha pa laputopu yothyoka pakona, alamuwo akumuseka kuti sukulu ya kuukulu n'kutaya nthawi. Tsikuli alamuwo anamulola kujomba, koma anamuuziratu kuti akabwerako chimanjamanja, nkhani ya mapulogalamuyi isadzamvekenso pashopu.

Bwana wa makompyuta sanayang'ane n'komwe mapepala ake. Anangomukankhira mpando, n'kumuuza kuti iwo safunsa za masatifiketi, amafuna munthu woti manja ake amuchitire umboni. Panali pulogalamu yotumiza uthenga ku mafoni ambiri nthawi imodzi, imene inali itakanika masabata awiri athunthu. Onse amene analowa iye asanalowe inali itawagwetsa ulesi.

Mayiyo anaiwerenga mzere ndi mzere. Vuto lake linali laling'ono mochititsa manyazi. Pa mndandanda wa nambala mazana awiri, zina zinalembedwa mosiya mipata pakati, ndiye pulogalamuyo ikafika pa nambala yotere imangoima. Analemba mizere inayi yochotsa mipatayo, basi.

Bwana uja anavula magalasi, n'kuitana mlembi kuti adzaone. Posakhalitsa kunabwera tiyi wamkaka, m'kapu ya alendo olemekezeka.

"Achemwali, mwatipulumutsa," anatero bwanayo, mawu atatsitsa. "Umenewu ndi uthenga wa kwa amene sanachite mwayi pa ntchitoyi. Dinani nokha, ndi thukuta lanu."

Anadina. Kunja, pa benchi pamene ena ankadikirabe kuitanidwa, mafoni analira motsatizana. Kenaka kunamveka nsapato zikulowera kukhomo. Mayiyo anawamvera chisoni, koma tisanamizane, chinali chisoni cha munthu wokhuta. Mumtima anali atayamba kale kusanja mawu okatsanzikira alamu ake, aulemu ndithu, koma oti akawalase.

Bwana anamugwira chanza ndi manja awiri, n'kumuperekeza mpaka pachitseko. Anamutsimikizira kuti yankho lake silichedwa.

Benchi ija anaipeza yopanda munthu. Anakhala pansi, n'kuyatsa foni kuti achemwali ake akhale oyamba kumva. Asanaimbe, foniyo inalira.

"Zikomo pofunsira ntchito kwathu kuno. Pepani, malowa tinapereka kale kwa wina amene wagwirapo ntchitoyi zaka zingapo."

Nambala yake inali pa mndandanda uja kuyambira masabata awiri apitawo. Chimene chinkasowa ndi munthu woti autumize uthengawo mwaulere.