Utawaleza Pansi pa Kabokosi

Mlendo anafika masana, napempha madzi kwa Nambewe. Chikhazikitsire lamulo loti ana aziphunzitsidwa ndi makina okha, nyumba iliyonse inali ndi kabokosi komvetsera. Kakamva munthu akuphunzitsa, mpope unkatsekedwa mwezi wathunthu.

Mlendoyo sanamwe. Anaika tambula pawindo, dzuwa likuwomba, utawaleza n'kutera pakhoma.

"Amayi, zatheka bwanji?" anafunsa mwana wa Nambewe, Ndaziona.

Nambewe anakokera mtondo pansi pa kabokosiko, nayamba kusinja mwamphamvu kuti kasamve.

"Mufotokozereni msanga, bambo," ananong'ona. "Koma ndinu yani?"

Mlendoyo anadikira musi ugunde.

"Ndinkaphunzitsa fizikisi ku yunivesite. Amene wailesi ikulengeza kuti akufunidwa uja, Zondiwe Kachale, ndine."