Kalata ya Mwaye

Msilikali wa ndende ya Kota Kota anatambasula kalata ya mkaidi Sufiyani n'kuitembenuza kawiri.

"Bambo Sufiyani, akuseweretsani. Mulibe mawu muno, ndi mwaye wokhawokha."

Sufiyani anailandira. Zilembo zinamukana kalekale ku madarasa a kumzikiti, zinkangomusambira m'maso ngati usipa. Koma pomangidwa anasiya mkazi wake Rahila ali ndi pakati, ndipo miyezi inali itakwana.

Papepalapo panali timapazi tiwiri todinda ndi mwaye. Pambali pake panali chidindo cha chala chachikulu, chipsera cha mbedza cha Rahila chikuonekera. Rahila anali moyo!

Anayang'anitsitsanso timapazito. Tonse tinali takumanja.

"Bwana," anatero akupukuta misozi, "kusukulu munkakatani inu? Senderani kuno ndikuwerengereni. Ndi mapasa awa."