Ola la Mkamwini

Maestro Gualtiero, katswiri wolosera ndi nyenyezi, ananunkhiza pepalalo asanaliwerenge. Chinali chizolowezi chake, ngakhale iye mwini sakanavomera. Mu Padova monse ankatchuka kuti sayang'ana nkhope. Mnyamata wofuna kukwatira mwana wake Agnesina ankangotumiza tsiku ndi ola limene anabadwa, popanda dzina, kuti nyenyezi zokha ziweruze.

Koma nyenyezi za Gualtiero zinali ndi mphuno yakuthwa. Mwezi wathawo zinakana Zanino wofufuta zikopa munthu asanameze malovu, poti ola lake linabwera litalembedwa pa kachikopa konunkha. Gualtiero anangosuzumira m'mabuku ake ndi diso limodzi, n'kunena kuti nyenyezi za mnyamatayo zili kuchilendo, banja lake lidzakhala la njala ndi ndewu. Kuyambira tsikulo Agnesina anasiya kudya bwino, ndipo bambo akewo anati vuto ndi Mwezi.

Pepala la lero linali lina. Linali loyera, losalala, lomangidwa ndi ulusi wofiira wa silika. Ulusi wotere unkapezeka m'sitolo imodzi yokha, ya Ottolino wogulitsa nsalu, mwini nyumba zitatu m'mbali mwa mtsinje, amene mwana wake wamwamuna anali asanakwatire. Mtima wa Gualtiero unagunda mwachimwemwe, koma nkhope anaiumitsa monga ayenera munthu wophunzira.

Amene anabweretsa pepalalo ndi mkazi wake Benvenuta. Anabweranso ndi wansembe wa parishi yawo, Bambo Anselmo, kuti akhale mboni. Agnesina anakhala pawindo maso atatupa, osayang'ana munthu.

Gualtiero anatsegula mabuku a kayendedwe ka nyenyezi, n'kujambula bwalo la zipinda khumi ndi ziwiri. Anaika Dzuwa pamalo pake, Mwezi pamalo pake. Atafika pa Marte, nyenyezi yofiira ya nkhondo ija, nthenga yolembera inaima. Kwawo kwa Marte ndi m'nyumba ya Nkhosa, koma apa anali atakhala m'nyumba ya Ng'ombe. Nthanda nayo, nyenyezi ya chikondi, mwini wake wa Ng'ombeyo, inali itakakhala kwa Nkhosa. Onse awiri anali m'nyumba zimene amafookamo. Ngakhale wophunzira wa chaka choyamba akanadziwa kuti pamenepa zinthu sizinayende.

Gualtiero anayang'ana bwalo lija, n'kuyang'ana ulusi, n'kuyang'ananso bwalo. Nzeru zinabwera, monga zimabwerera munthu akaona kuti nyumba zitatu zikumuthawa.

"Taonani kukoma kwake," anatero. "Nyenyezi ziwirizi zasinthana nyumba. Uyu akusunga khomo la mnzake, mnzakeyo akusunga la uyu. Akale amati kulandirana. Banja lotere silitha ngakhale mutalithira madzi otentha."

Bambo Anselmo anakanda pakhosi. "Mundikhululukire, a Maestro, ine ndinamva kuti nyenyezi ikachoka pakhomo pake imasanduka mlendo wopanda mawu."

"Munamva kumsika, Bambo. Inu samalani za miyoyo yathu, zam'mwambazi mutisiyire ife. Mlendo wolandiridwa amadya bwino kuposa mwini nyumba."

"Nanga nyenyezi yokalamba iyi Saturno, yakhala m'chipinda cha ukwatiyi? Paja munati imaziziritsa banja."

"Kwa ena, inde. Apa ikutanthauza mwamuna wokhazikika, wosayendayenda. Mufuna mwana wanga akwatiwe ndi gulugufe?"

Wansembeyo anangoisiya nkhaniyo. Anali atakalamba mokwanira kudziwa kuti munthu amene wawerenga mabuku ambiri sasowa tsamba lomuvomereza.

Agnesina ndiye anatembenuka. Chisoni chake chinali chenicheni. "Bambo, ine mwana wa a Ottolino sindimufuna. Amene ndikumufuna mukumudziwa."

"Watchula dzina ndani pano?" Gualtiero anatambasula manja ngati munthu wonamiziridwa. "Ine dzina sindilidziwa, mwana wanga. Ndikudziwa ola basi. Uja wa zikopa sindinamukane ine, zinamukana ndi zam'mwamba. Kakangane nazo."

Mtsikanayo anayang'ana mayi ake kuti amuthandize, koma Benvenuta anali akuwongola makwinya a diresi lake ngati nkhaniyo siyikumukhudza. Agnesina anayambanso kulira.

"Ndiye lumbirani, bambo ake Agnesina," anatero Benvenuta mofatsa. "Ndimakudziwani inu. Mawa mudzati nyenyezi zasuntha, ine n'kuchita manyazi kwa eni ake."

"Nyenyezi za tsiku lobadwa sizisuntha, mayi. Zaka makumi awiri m'nyumba ino simunatolepo ngakhale chimenechi?"

"Mutu wanga ndi wouma. Lumbirani."

Gualtiero sanachedwe, poopa kuti mwayi ungazizire. Anaika dzanja pa buku la Uthenga Wabwino, n'kulumbira kuti wobadwa pa ola limeneli, kaya ndi yani, ndiye adzakwatire Agnesina Pasaka ikangopita. Anawonjeza yekha, popanda womufunsa, kuti akadzabweza mawu mzinda wonse udzamutche wabodza ndipo mabuku ake adzawotchedwe pabwalo. Bambo Anselmo analemba zonse, Gualtiero n'kusaina ndi dzina lalikulu lodzaza theka la tsamba.

Anatsamira pampando atakhuta ulemu. "Tsopano pitani kwa a Ottolino, mayi, mukawauze kuti zam'mwamba zavomera."

"Ndikawauze chiyani anthu osadziwa kanthu?" anatero Benvenuta. "Kumeneko ndinangogulako pepala ndi ulusi. Olalo ndi la Zanino, lomwe lija munalikana mwezi watha."