Nkhwali Zogwira ndi Manja

Panali munthu wina ku Kaporo, dzina lake Manase, mlimi wa mpunga. Izi akuti zidachitikadi m'chaka cha 1975.

Chaka chimenecho mpheta zidavuta kwambiri. Mkazi wake Yunike, ngakhale anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri, ankakhalira padzuwa kuingitsa mbalame, miyendo ili yotupa. Manase zidamuwawa mumtima. Sanali munthu woipa ayi, koma makutu ake anali okongoletsa mutu chabe.

Tsiku lina adafunsa mlangizi wa zaulimi, bambo Wallace, wochokera ku Ntcheu: "Alangizi, mankhwala a thonje aja, mpheta sangathane nazo?"

"Musayerekeze, achimwene," adatero mlangiziyo. "Poizoni sadziwa kuti iyi ndi mpheta, iyi ndi njiwa. Chadya mbalameyo nacho chimapita."

"Ndaga, ndamva," adathokoza Manase, kumachita kuwomba m'manja.

Kumva kwake kunali komweko. Adaviika mpunga m'mankhwalawo n'kuuwaza m'mbali mwa munda. Sadauze munthu, ngakhale mkazi wake, poopa kuti nkhani ikafika kwa atcheya a chipani. Adangoti, "Mawa mupume, mayi. Kumunda musapiteko." Iye adalawirira ku Karonga boma kukagula matumba.

Yunike mtima sudakhazikike. Mpunga ungasiyidwe wopanda mlonda? Atafika kumunda adapeza kuli zii. Mpheta zili mbwee pansi, njiwa, akakowa, mpaka kabawi. M'mphepete nkhwali ziwiri zinkadzandira, ndipo adazigwira ndi manja, osathamanga n'komwe. Adati ndi mwayi.

Manase pofika adapeza nthenga pakhomo, mkazi wake ali gone pamphasa, thukuta lili kamukamu.

"Adada, ndakusungirani chiganga," adatero Yunike movutikira. "Koma m'mimbamu mukupota."

Manase adakuwa mpaka mudzi wonse udasonkhana. Adamunyamula Yunike pangolo, koma ng'ombe sizithamanga. Kuchipatala Yunike adapulumuka. Mwana adabadwa tsiku lomwelo, wamwamuna, osalira.

Mpunga udacha bwino chaka chimenecho, ngala zolemera kuposa za aliyense. Abale ndiwo adakamweta, poti Manase adakana kupondanso m'mundamo. Yunike atatuluka m'chipatala adamufunsa funso limodzi lokha: "Mudauza ndani za mankhwalawo?"

Phunziro: Mankhwala a kumunda salekera pa chilombo chimene mwalinga. Amadutsa m'mbalame ndi m'madzi mpaka kufika m'mbale ya pakhomo panu. Mverani alangizi, ndipo musabisire banja lanu zimene mwathira m'munda. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa alimi anzanu, mwina ipulumutsa mwana wa wina.